Funsani Kaye Musanagwire Mndandanda wa JavaScript

(NYIMBO YOTSEGULIRA IYAMBE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi yoti tikambirane za luso lolemba mapulogalamu a pa kompyuta. Lero tili pa JavaScript, chinenero chimene chimayendetsa masamba a pa intaneti mkati mwa browser ya pa foni kapena pa kompyuta yanu. Nkhani yathu ndi ya mndandanda umene akatswiri amautcha array, pamodzi ndi zida zimene umabadwa nazo, zotchedwa ma method.

Mukatsegula tsamba n'kupeza mauthenga atandandalikidwa, wina pamwamba wina pansi, dziwani kuti kuseri kwake kuli array. Katundu amene mwasankha pogula pa intaneti amasungidwa mu array. Mayina a ophunzira ndi malikisi awo akamachoka pa seva kubwera pa foni yanu, nawonso amayenda ali mu array. Choncho aliyense wophunzira JavaScript, kaya ali ku koleji kaya akudziphunzitsa yekha usiku ndi kabandulo ka intaneti, nkhani imeneyi sangaizembe.

Pawailesi palibe bolodi, ndiye ndikupempheni mutenge cholembera ndi pepala. Lembani manambala anayi awa motsatana: 500, 2000, 10000, 900. Ndibwereze: 500, 2000, 10000, 900. Tiyerekeze kuti amenewa ndi makwacha amene mamembala anayi a gulu la banki mkhonde aponya pa tsiku la msonkhano, ndipo inuyo mwapemphedwa kulemba kapulogalamu kosunga kaundula wawo. Manambala amenewa tiyenda nawo mpaka kumapeto.

Mu JavaScript manambalawa mumawatsekera m'mabulaketi a makona, mumaika mpatuliro pakati pa nambala ndi inzake, kenako mndandandawo mumaupatsa dzina, tinene kuti "zopereka". Chinthu chilichonse m'menemo chili ndi nambala ya malo ake, yotchedwa index, ndipo kuwerenga kumayambira pa ziro. 500 ali pa malo 0, 2000 pa malo 1, 10000 pa malo 2, ndipo 900 pa malo 3. Chizolowezi chimenechi JavaScript inatengera ku C ndi Java, kumene index imanena mtunda wochokera poyambira. Chinthu choyamba sichinasunthe n'komwe, n'chifukwa chake chili pa ziro. Mukafunsa length, kutalika kwa mndandanda, yankho ndi 4, koma malo omaliza ndi 3. Nanga mukapempha malo 4? Pulogalamu siima, siikuchenjezani. Imangokupatsani undefined, kutanthauza kuti palibepo kanthu, n'kupitiriza ulendo ngati zonse zili bwino. Khalidwe limeneli mulisunge, pakuti tikumana nalo kangapo lero: chinenerochi chimamulola munthu kulakwitsa chili chete.

Ma method a array alipo oposa 30, ndipo ophunzira ambiri amathamangira kuloweza mayina ake. Kuloweza pakokha sikupulumutsa munthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Method iliyonse musanaigwiritse ntchito, ifunseni mafunso awiri. Loyamba: kodi ukusintha mndandanda wanga womwewu, kapena ukundipangira wina watsopano? Lachiwiri: ukamaliza ntchito, undibwezera chiyani m'manja? Mafunso awiriwa ndiwo phunziro lonse la lero.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tiyambe ndi zophweka. Membala wachisanu wafika mochedwa ndi K3,000. Method yotchedwa push imaika ndalama yakeyo kumapeto kwa mndandanda. Inzake yotchedwa pop imachotsa chinthu chomaliza. Ina, shift, imachotsa choyamba, zotsalazo n'kusendera kutsogolo, pomwe unshift imalowetsa chinthu kumayambiriro. Pa funso loyamba zinayi zonsezi zimayankha mofanana: zimasintha mndandanda womwewo. Pa funso lachiwiri m'pamene zimasiyana. Pop ndi shift zimakubwezerani chinthu chimene zachotsa. Push ndi unshift zimakubwezerani kutalika kwatsopano. Ndiye wina amasunga yankho la push poganiza kuti wasunga mndandanda wa anthu asanu, pamene wasunga nambala 5 basi. Itanani pop kuti 3000 uja achoke, tibwerere ku manambala athu anayi.

Tsopano mvetserani bwino mayina awiri awa: slice ndi splice. Amasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, p, koma ntchito zake n'zotalikirana. Mukauza slice kuti iyambire pa malo 1 n'kulekezera pa malo 3, ikupatsani mndandanda watsopano wa 2000 ndi 10000. Malo 3 enieniwo siitenga, ndipo "zopereka" zimatsala zonse zinayi. Mukauza splice kuti iyambire pa malo 1 n'kutenga zinthu ziwiri, nayonso ikupatsani 2000 ndi 10000. Pa sikirini mayankho awiriwa ndi ofanana ndendende. Koma bwererani mukaone kaundula: mwatsala 500 ndi 900 yokha. Splice imazula chimene yatenga. K12,000 yasowa m'buku la gulu, ndipo palibe uthenga uliwonse wofiira umene waoneka.

Bwezerani manambala athu anayi mu kaundula, tifike tsopano pa method imene yapunthwitsa anthu ambiri, yotchedwa sort, yosanja zinthu. Tcheyamani wa gulu akufuna kuona zopereka kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Inu mwaitana sort popanda kuiuza china chilichonse. Mukuyembekezera 500, 900, 2000, 10000. Chimene chituluke ndi ichi: 10000, 2000, 500, 900. Lembani, muyang'ane. Sizikukwera, sizikutsikanso.

Chachitika n'chiyani? Sort ikapanda kuuzidwa kasanjidwe, imayamba yasandutsa chinthu chilichonse kukhala mawu, kenako imayerekeza chilembo ndi chilembo monga amasanjira mawu mu dikishonale. 10000 akuyamba ndi 1, ndiye watsogola. 2000 akuyamba ndi 2, watsatira. Kenako 5 wa 500, pomaliza 9 wa 900. Kukula kwa ndalama sikunawerengedwe n'komwe.

Mankhwala ake ndi kuipatsa sort kafankishoni koyerekezera. Kamalandira zinthu ziwiri, a ndi b, n'kubweza a kuchotsa b. Yankho likakhala pansi pa ziro, a amatsogola. Likakhala pamwamba pa ziro, b ndiye amatsogola. Likakhala ziro, awiriwo ndi ofanana ndipo amasiyidwa mmene analili. Mukatero mupeza 500, 900, 2000, 10000. Mukafuna kuyambira yaikulu, tembenuzani: b kuchotsa a.

Mayina nawo ali ndi msampha wake. Kompyuta imadziwa chilembo chilichonse ndi nambala. Z wamkulu ndi 90, pomwe b wamng'ono ndi 98. Choncho wina akalemba Balaka ndi b wamng'ono, sort imaika Zomba patsogolo pake. Ife olemba Chichewa tili ndi china chapadera: w wachipewa uja, amene ena amalemba m'dzina la Malaŵi. Nambala yake ndi 373, pamene z wamng'ono ndi 122. Zotsatira zake, mawu akuti "maŵa" amaponyedwa kumbuyo kwa "mazira", ngakhale w amabwera z asanafike. Posanja mayina a anthu ndi malo, kafankishoni kanu kagwiritse ntchito localeCompare, imene imatsatira dongosolo la afabeti monga munthu amalidziwira.

Pa ziro uja wa kafankishoni koyerekezera pali mbiri yaifupi. Kusiya zinthu zofanana mmene zinalili sikunali lamulo kale. Injini ya V8, imene ili mkati mwa Chrome, inkatha kusokoneza zinthu zofanana mndandanda ukapitirira zinthu 10. Mu 2018, pa Chrome 70, anasinthira ku njira yotchedwa Timsort, imene Tim Peters anapangira chinenero cha Python mu 2002, ndipo kuyambira 2019 malamulo a JavaScript amalamula browser iliyonse kusiya zinthu zofanana mmene zinalili. Phindu lake ndi ili: mukasanja mamembala ndi mayina, kenako n'kuwasanjanso ndi ndalama, onse oponya K2,000 amakhalabe motsatira afabeti.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za array mu JavaScript, ndipo manambala athu ndi 500, 2000, 10000 ndi 900.

Sort sitinaifunsebe funso loyamba lija. Kodi imasintha mndandanda womwewo? Inde, imasintha, ndipo chimene imabweza ndi mndandanda womwewo wosinthidwawo. Apa m'pamene pagona ngozi yaikulu kuposa ya manambala osokonekera, chifukwa manambala osokonekera maso amawaona.

Taganizirani wolemba pulogalamu amene wasunga mayina a mamembala mu array imodzi, ndalama zawo mu array ina, ndipo chowalumikiza ndi index yokha: dzina la pa malo 1 likuyendera limodzi ndi ndalama ya pa malo 1. Wasanja ndalama molondola, kuyambira yaing'ono, koma mayina sanawakhudze. Mayi wachiwiri, amene anaponya K2,000, tsopano kaundula akuti anaponya K900. Wachitatu, amene anaponya K10,000, watsala ndi K2,000. Wachinayi, wa K900 uja, wadzuka ali ndi K10,000. Mukawonkhetsa ndalama zonse zikukwana, palibe tambala imene yasowa. Vuto lidzaphulika tsiku logawana, anthu atayamba kulozana zala, msungichuma akunenedwa kuba ndalama zimene sanazigwire. Cholakwa cha mzere umodzi chimalipiridwa ndi mbiri ya munthu. N'chifukwa chake dzina ndi ndalama ziyenera kumangidwa pamodzi mu object imodzi, membala aliyense object yake, kuti array ikamasanjidwa, munthu aziyenda ndi ndalama yake.

Wina anganene kuti, ine ndiyamba ndakopera. Ndiye amalemba kuti "kope" ndi wofanana ndi "zopereka", n'kusanja "kope". Akabwerera ku "zopereka", apeza nazonso zasanjidwa. Chizindikiro cha kufanana sichikopera mndandanda, chimangoupatsa dzina lachiwiri. Zili ngati munthu amene kumudzi amamuitana dzina lina, kutchalitchi dzina lina: mukamumeta potchula dzina la kumudzi, kutchalitchi afikanso ndi mpala. Ngakhale mawu akuti const sateteza. Const imangoletsa dzinalo kuloza ku mndandanda wina, koma push, splice ndi sort zimagwirabe ntchito mkatimo. Kope lenileni limabwera mukaitana slice popanda manambala, kapena mukalemba timadontho titatu patsogolo pa dzina la array mkati mwa mabulaketi atsopano.

Ma method osintha mndandanda womwewo alipo asanu ndi anayi okha, ndipo amenewa ndiwo oyenera kuloweza: push, pop, shift, unshift, splice, sort, reverse, fill ndi copyWithin. Ena onse amausiya mndandanda mmene anaupezera.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji eni ake osangoikonza sort kuti izisanja manambala bwino? Yankho lili m'mbiri. JavaScript inalembedwa ndi Brendan Eich ku kampani ya Netscape, ku California, mu 1995, ndipo chinenero choyambacho anachimanga m'masiku 10 okha. Mu 1997 bungwe la Ecma International, la ku Geneva, linatulutsa malamulo ake pansi pa dzina la ECMAScript, ndipo sort inalowa m'malamulowo ndi khalidwe lake lomweli. Kuchokera pamenepo masamba osawerengeka amangidwa podalira khalidwe limenelo, ambiri mwa iwo eni ake anawasiya kalekale koma anthu akuwatsegulabe. Komiti yoyang'anira chinenerochi, yotchedwa TC39, imagwira mfundo yakuti tsamba limene linkagwira ntchito dzulo lisafe chifukwa cha kusintha kwa lero.

Mfundoyi ili ndi mphamvu moti yasinthitsapo mayina. Mu 2018 komitiyi inkafuna kuwonjezera method yotchedwa flatten, yoyalula mindandanda yokhala mkati mwa inzake kuti ikhale umodzi. Firefox itaiyesa, kunapezeka kuti masamba akale omangidwa ndi chida chotchedwa MooTools akuwonongeka, popeza chidacho chinali kale ndi flatten yakeyake. Komiti inagonja, dzina linakhala flat, n'kulowa m'malamulo mu 2019. Method yofufuza ngati chinthu chilimo inakumana ndi MooTools yomweyo: inayenera kutchedwa contains, koma inatuluka mu 2016 ili includes. Phunziro kwa ife ndi lakuti zakale sizidzachotsedwa. Komiti imangomanga chatsopano pambali pa chakale, ndipo kusankha kumatsalira inu ndi ine.

Zatsopanozo zilipo. Mu 2023 kunabwera toSorted, toReversed, toSpliced ndi with. Zimagwira ntchito ya zinzake zakale zija, koma zimabweza mndandanda watsopano, woyamba osaukhudza. Dziwani zinthu ziwiri. ToSorted nayo imafunabe kafankishoni koyerekezera posanja manambala. Komanso browser yakale, monga Chrome ya m'mbuyo mwa 110, siidziwa ma method amenewa. Ngati anthu anu ali ndi mafoni akale, njira yodalirika ndi slice kaye, sort pambuyo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tione ma method atatu amene ine ndimawalimbikitsa kwa wophunzira aliyense: map, filter ndi reduce. Maganizo ake ndi akale kuposa intaneti. Map inachokera ku Lisp, chinenero chimene John McCarthy anayambitsa ku MIT mu 1958, ndipo Brendan Eich mwiniwake analowa ntchito ku Netscape ali ndi cholinga choika Scheme, mwana wa Lisp, mkati mwa browser. Firefox 1.5 inabweretsa map ndi filter mu 2005, kenako zitatu zonsezi zinalowa m'malamulo a ECMAScript mu 2009.

Map imayendera chinthu chilichonse, kuchisintha monga mwaiuzira, n'kubweza mndandanda watsopano wotalika chimodzimodzi. Gulu lagwirizana kudula K100 kwa aliyense ya thumba la zadzidzidzi. Map ikupatsani 400, 1900, 9900, 800, pamene "zopereka" zili chikhalire. Filter imafunsa chinthu chilichonse funso la inde kapena ayi, n'kusunga okhawo oyankha inde. Ndani waponya K1,000 kapena kuposa? Yankho ndi 2000 ndi 10000. Reduce imasonkhanitsa mndandanda wonse kukhala chinthu chimodzi. Imayamba ndi nambala imene mwaipatsa, tinene 0, n'kumawonjezera: 500, kenako 2500, kenako 12500, pomaliza 13400. Ndiye kuti m'bokosi la gulu muyenera kupezeka K13,400.

Nambala yoyambirayo musamaisiye. Tsiku limene palibe amene waponya, mndandanda uli wopanda kanthu, reduce yopanda poyambira imagwetsa pulogalamu ndi uthenga wa TypeError, pamene yokhala ndi 0 imangoyankha 0. Chenjezo lina ndi la manambala ochokera pa fomu. Chimene munthu walemba m'kabokosi ka pa tsamba chimafika chili mawu, ngakhale atalemba 500. Chizindikiro chophatikizira chikakumana ndi mawu sichiwonkhetsa, chimalumikiza. M'malo mwa 13400 mupeza chingwe chachitali: 0500200010000900. Yambani mwasandutsa mawuwo kukhala manambala pogwiritsa ntchito map ndi Number. Ndipo pa ndalama pewani tizigawo ta pambuyo pa dontho, chifukwa mu JavaScript 0.1 kuphatikiza 0.2 kumapereka 0.30000000000000004. Werengani m'matambala athunthu, mudzagawe ndi 100 pokhapokha posonyeza yankho.

ForEach imafanana ndi map poyendera chinthu chilichonse, koma funso lachiwiri limaiulula: imabweza undefined nthawi zonse, ndipo simungaiimitse panjira ndi break. Ngati mukufuna munthu mmodzi yekha, itanani find, imene imaima ikangopeza woyamba woyenera, ndipo ikasowa imabweza undefined. IndexOf ikasowa chinthu imabweza -1. Samalani pamenepa, pakuti chinthu chikapezeka pa malo oyamba yankho ndi 0, ndipo JavaScript imatenga 0 ngati "ayi", pomwe -1 imamutenga ngati "inde". Amene amaika indexOf mwachindunji mu if amamva zotembenuka. Pa funso lakuti chilimo kapena mulibe, includes ndiyo imayankha mosazungulira.

Chomaliza chokhudza makope. Filter, slice ndi toSorted zimapanga mndandanda watsopano, zoona, koma ngati muli ma object, ma object akewo ndi omwe aja. Mukasintha ndalama ya membala mu mndandanda wosefedwa, yasinthikanso mu kaundula wamkulu. Pofuna kope loima palokha mpaka mkati, pali structuredClone.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Nayi ntchito ya kunyumba. Pa kompyuta iliyonse yokhala ndi Chrome kapena Firefox, dinani batani la F12, musankhe pamene palembedwa Console. Simufunika kugula kapena kuikamo pulogalamu ina iliyonse, ngakhale intaneti siifunika. Lembani manambala athu anayi. Yesani slice, muone chimene yabweza, kenako muyang'anenso "zopereka". Chitani chimodzimodzi ndi splice, sort ndi map. Musanadine Enter, yambani mwalemba papepala chimene mukuyembekezera, mukatero muyerekeze. Pamene pepala ndi sikirini zasiyana, m'pamene pali phunziro lanu. Mukakhala ndi intaneti, tsamba la MDN Web Docs, limene linayambitsidwa ndi Mozilla, limafotokoza method iliyonse pamodzi ndi chimene imabweza.

Ndikulimbikira nkhaniyi chifukwa mindandanda imene mudzapatsidwe pa ntchito idzakhala ya malipiro a anthu, malikisi a ana asukulu, mayina a odwala oyembekezera mankhwala. Eni ake sadzawerenga pulogalamu yanu, adzangokhulupirira chimene sikirini yanena. JavaScript siidzakuletsani kuwalakwira, ndipo mbiri yake yatisonyeza kuti siisintha khalidwe. Udindo wofunsa uli ndi inu amene mukulemba.

Sabata yamawa tidzalowa mkati mwa ma object, tione mmene dzina, ndalama ndi tsiku zimamangidwira pamodzi.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)